Ndisiye magemu poti ndine mkazi?

Anti,

Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala kuno ku Kasungu pa boma, ndimagwira ntchito pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba kufupi ndi depoti. Nkhani yangayi mwina muiseka, anthu ambiri ndikawauza amayamba aseka kaye kenako nkumati "aaa magemu basi?" koma ine yandisowetsa tulo masabata atatu tsopano, ndie ndati bola ndikulembereni inuyo poti simundidziwa nkhope.

Ine ndimasewera magemu ndipo ndimatha, sindikudzichemerera ayi. Ndinayamba ndili folomu 2 pa foni ya achimwene anga, Dream League Soccer, iwo akagona ine nkuitenga kumakasewera mu bulangete. Kenako Free Fire, gemu yowomberana ya pa foni, nditagula kafoni kanga, ndie pano kwambiri ndi mpira wa pa PS4, makina a magemu olumikiza ku TV, uja tonse timangoti FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023 nkukhala EA Sports FC. Kuseri kwa msika kuli kashopu ka magemu, chipinda chimodzi, ma TV atatu, katani yakuda pakhomo, mabenchi awiri ndi kajenereta panja ka nthawi imene magetsi athima. Umalipira pa gemu, woluza amadzuka wina nkukhala. Ndikatseka benchi madzulo ndimapita kumeneko ola limodzi kapena awiri, ndalama zanga zomwe, sindipempha munthu. Mkazi ndimakhalamo ndekha.

Tsiku loyamba anandifunsa kuti mwabwera kudzatenga ndani sisi. Nditati ndabwera kudzasewera chipinda chonse chinaseka, mwini shopu nkundipatsa padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera gemu, ina yake yomata ndi selotepi, batani la R2 limakanirira ndie wosewera wako amangothamanga osaima ngati wawona njoka. Padi imeneyo amapatsa ana a pulayimale. Sindinadandaule, ndinaizolowera mpaka ndinadziwa kuti ukalikankha ndi chikhadabo chammbali limabwerera. Miyezi iwiri ndinasewera ndi padi yothyoka imeneyo ndipo ndinayamba kuwadzutsa pa benchi mmodzimmodzi. Ndikawina amati mwayi, kapena amati anandisiyira dala poti ndine mkazi. Ndikaluza ndie chisangalalo, "pita ukaphike nsima iwe, mpira si wa azimayi." Palibe tsiku limene ndinangoluza ngati munthu, nthawi zonse ndimaluzira akazi onse a dziko lapansi.

Za pa intaneti ndie zina. Pa Free Fire ndinadzipatsa dzina lachimuna ndipo maiki ndinkangoitseka, pafupifupi chaka chathunthu ndikusewera ndi anyamata atatu, awiri a ku Lilongwe wina wa ku Chipata, onse ankanditchula kuti amwene, ankanditumizira mpaka bandulo kuti ndisasowe pa gemu chifukwa ndimawapulumutsa. Tsiku lina zinavuta, mnzathu anali kubweredwa kumbuyo ndipo kulemba kunali kuchedwa, ndinangotsegula maiki nkukuwa kuti kumbuyo kwako ase! Kunangoti zii. Kenako wina "eh eh, kodi ndiwe mkazi?" Gemu ija tinawina koma usiku omwewo mameseji anayamba, tumiza chithunzi, uli ndi mamuna, mawu ako ndi okoma bwanji, ndipo wa ku Chipata uja amene ndinkamuona ngati waulemu ananditumizira chithunzi chimene sindingachifotokoze mu nyuzi. Ndinawabuloka onse atatu. Chaka chonse ndinali dolo, mawu atatu okha ndinasanduka chinthu china.

Koma zimenezo ndi anthu akutali, ukabuloka zatha. Chandilembetsa kalata ndi cha pano pompano.

Mwezi watha mwini shopu anakonza mpikisano, anthu 16, aliyense kuponya K5,000, wowina atenga zambiri wachiwiri pang'ono. Ndinalembetsa. Anakana kaye, amvekere tikuopa mudzalira, ine ndinangoika ndalama pa tebulo. Ndinabweranso ndi padi yanga imene ndinagula pa kaunjika ku Lilongwe kuti pasakhale zoti uyu wakondera uyu. Ndinawina masewero awiri oyamba, ndie mu semi fainolo ndinakumana ndi mnyamata wina amene amadziona ngati mfumu ya pa shopupo, ndipo vuto ndi loti mnyamata ameneyu ndi msuweni wa chibwenzi changa, anakulira nyumba imodzi. Ndinamuchinya 4 kwa 1, chigoli chachinayi ndinachita kumuzungulira goloboyi, mafana onse anaimirira kukuwa mpaka azimayi ogulitsa tomato anabwera kudzasuzumira pa katani. Iye anaponya padi pansi nkutuluka osandipatsa mkono. Kunena zoona Anti ndinasangalala, ndinapita kunyumba ndikuvina mumsewu.

Mmawa mwake ndikutsegula benchi ndinapeza foni yadzadza. Tili ndi gulupu ya WhatsApp ya osewera pa shopupo, anthu oposa 60, ena sindiwadziwa nkomwe. Munthu anandijambula ndili pa benchi nditawerama kuyang'ana sikirini, anajambulira kumbuyo dala, ndie anachipanga stika nkulembapo mawu otukwana. Pansi pake msuweni uja analemba kuti musadabwe, ameneyu amagona ndi mwini shopu nchifukwa chake amasewera ulere usiku mpaka kuphunzira, akuti ndine hule wa pa PS. Ena anaika kuseka, ena anaonjezera zawo za thupi langa, awiri okha ndi amene analemba kuti amwene izi sizabwino, ndipo adimini amene ndi mwini shopu yemweyo sanafufute kanthu mpaka madzulo. Pofika madzulopo stika inali itatuluka kale mu gulupu. Makasitomala ena pa benchi amabwera kudzatapa K2,000 yokha kuti andione, wina anachita kundifunsa kuti ndie gemu imodzi ndi zingati sisi, akuseka. Lachitatu lake mayi ena a kwaya anakaonetsa amayi anga.

Amayi sanakuwe, bola akanakuwa. Anangoti mwana wanga, unaonapo mzimayi atakhala pa bawo pansi pa mtengo ndi azibambo? Akuti malo ena ukalowa wadziitanira wekha, anthu sadzafunsa kuti unawina zingati, adzangokumbuka kuti unali mkati mwa katani ndi amuna. Achimwene anga amene anandiphunzitsa okha magemuwa anafuna kukamumenya mnyamatayo, ndinawagwira, koma nawonso pamapeto anati basi ingosiya, uzisewera pa foni kunyumba.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi chibwenzi changa. Takhala limodzi zaka ziwiri, ndi munthu wabwino, samwa, amagula soya ndi mtedza kumidzi ya ku Chamama nkumagulitsa, ndipo tinagwirizana kuti chaka chino amalume ake akaonekere kwa amalume anga. Poyamba ankanyadira, ankauza anzake kuti mkazi wanga akhoza kukukwapulani nonse. Nditamuonetsa masikirinishoti anakhala chete nthawi yaitali kenako anati akudziwa kuti ndi bodza, koma nanenso ndimafunanji kumeneko. Ndinati ndiye ukamuuze msuweni wako apepese mu gulupu momwemo mmene ananyozeramo, iye amvekere ndi m'bale wanga, ndingayambane naye chifukwa cha magemu? Akuti msuweni wakeyo ndinamuchititsa manyazi pagulu, mwamuna sachinyidwa 4 ndi mkazi anthu akuona, ndikanangomusiyira kapena kuwina ndi chimodzi. Anti, ndinamuyang'ana munthu amene ndikufuna kukwatirana naye akundiuza kuti ndikanaluza dala kuti m'bale wake asakwiye, ndipo mumtima ndinadzifunsa kuti m'banjamo ndizidzaluza dala kangati.

Usiku wina tulo titasowa ndinayamba kufufuza pa foni ngati ziliko kwina, ndinapeza kuti ngakhale ku America kumene timaona ngati anatsogola zinachitika zoopsa kuposa zanga. Mu 2014 kunali chipwirikiti chotchedwa Gamergate, munthu wina wopanga magemu dzina lake Zoë Quinn anamunamizira kuti gemu yake inayamikiridwa chifukwa chogona ndi mtolankhani, chonsecho mtolankhaniyo sanalembe ndemanga ya gemuyo, anamuopseza mpaka anathawa panyumba pake. Mayi wina, Anita Sarkeesian, amene ankapanga mavidiyo onena za mmene akazi amaonetsedwera mu magemu, analephera kukayankhula pa Utah State University chaka chomwecho chifukwa munthu anaopseza kuti adzaombera anthu. Chinandidabwitsa nchoti bodza lake ndi lomwelomweli, kaya ku America kaya kuseri kwa msika wa Kasungu, mkazi akachita bwino ndie kuti wagona ndi winawake. Sizinanditonthoze, zinangondionetsa kuti ngakhale nditasamuka tauni ndikazipeza.

Ndipo chondiseketsa mokwiya nchoti anyamata omwewa ndi amene amadzadza pa Facebook kuchemerera Temwa Chawinga, chaka cha 2024 atachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current nkukhala wosewera wopambana onse, aliyense anali mwana wathu, mwana wathu. Ma Scorchers atatenga chikho cha COSAFA mu 2023 anavina. Tabitha akachinya ku France amagawana vidiyo. Mu gemu momwemo matimu a akazi analowamo kalekale kuyambira FIFA 16. Ndie mkazi amene ali pa TV kutali ndi shasha, koma amene wakhala nawe benchi imodzi nakuchinya ndi hule? Mxii.

Mnzanga wina amene anaphunzira za malamulo pang'ono anandiuza kuti zimene anachitazi ndi mlandu, pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti, palinso Gender Equality Act ya 2013 yoletsa nkhanza zokhudza kugonana ngakhale za mawu chabe, akuti nditenge masikirinishoti ndipite kupolisi ku Victim Support Unit. Masikirinishoti ndili nawo onse, ndinawatumizanso ku imelo kuopa foni ingabedwe. Koma Kasungu ndi yaing'ono Anti. Ndikakamusumira mnyamatayu ndie kuti ndasumira banja limene ndikufuna kulowamo, mayi ake ndi amene analera chibwenzi changa, pa chinkhoswe adzakhala kutsogolo. Ndikuopanso kukafika pa kauntala nkuyamba kufotokoza za PS4 ndi stika, anthu nkumandiyang'ana ngati ndasowa chochita. Komanso ndikangokhala chete ndie kuti bodza lija lasanduka zoona, pano pali anthu amene sanandionepo ndikusewera koma akudziwa "nkhani yanga".

Mwini shopu naye anandiitana pambali. Sanapepese kuti anasiya zinthu zija tsiku lonse, anangoti nkhaniyi yafika kwa akazi ake ndipo kunyumba kwake kulibe mtendere, ndie akuti fainolo imene anaiimitsa ichitike Loweruka likubwerali koma ine ndisabwere, achimwene anga akasewere m'malo mwanga, akawina ndalama ndi zanga. Kapena andibwezere K5,000 yanga tithane. Anaonjezera kuti ngati ndikufunabe kumasewera ndizibwera mmawa anyamata asanafike, ngati kuti ine ndi amene ndili ndi matenda opatsirana. Wolakwa uja akulowabe mmenemo tsiku lililonse, ali mu gulupu, palibe wamuuza kanthu.

Pali kamtsikana kena ka folomu 3 kamene kamabwera pa benchi kudzatumiza ndalama za amayi ake, kanandiuza kuti kanaonera semi fainolo ija pa zenera ndipo kakufuna ndikaphunzitse. Ndinakayankha kuti tiona. Sindikudziwa ngati ndikauze kuti bwera kapena thawa.

Ndie Anti ndithandizeni. Ndipite kupolisi ngakhale zitanthauze kuti chinkhoswe chafa, kapena ndiyambe ndauza amalume kuti akakambirane ndi akwawo mwachibale, nanga akakangoti ana inu khululukiranani osapepesa pagulu ine ndipindulanji? Mwamuna amene akudziwa kuti ndanamiziridwa koma akuti ndisiye ndine, ameneyu ndimudikire asinthe kapena ndatsegulidwa maso nthawi yabwino? Amayi anga ndiwauze bwanji kuti sindinalakwe popanda kuoneka wamwano, poti iwo manyazi awagwiradi ku tchalitchi ndipo sindikufuna kuwapweteka. Ndipo Loweruka ndipange bwanji, pa pepala lomata pakhoma la shopu dzina langa lidakalipo pa fainolo, achimwene anga akuti akhoza kundiperekeza nkukaima pakhomo ngati ndasankha kupita, padi ndatchaja kale koma mtima ukugunda.

Ine wanu wosowa mtendere,
Kasungu boma