Lipoti la Msonkhano Wokambirana Zoyeza Ntchito za Mabwana a M'boma

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wokambirana za momwe ntchito ya akuluakulu a nthambi za boma ingayezedwere. Ndabwerako bwino, ndipo nazi zomwe ndakutengerani.

Tsiku loyamba tinamva za mayiko ena. Ku New Zealand, kuyambira mu 1988, akuluakulu a maunduna amalembedwa pa kontilakiti ya zaka zosapitirira zisanu, sakhalanso pampando mpaka tsiku lopuma. Ku Rwanda, kuyambira mu 2006, mameya amasainirana ndi Pulezidenti malonjezo otchedwa Imihigo, ndipo chaka chikatha amaunikidwa poyera. Anthu anawomba m'manja, ine ndemwe.

Koma yomwe inandikhala mumtima ndi nkhani ya ku England. Kumeneko boma linalamula kuti pofika mu 2004, odwala 98 mwa 100 aliwonse obwera mwadzidzidzi azikhala atathandizidwa pasanathe maola anayi. Anthu ambiri anasiyadi kudikira nthawi yaitali. Komabe zipatala zina zinapeza nzeru yake: wodwala ankamusiya kaye mu ambulansi panja, poti maolawo ankayamba kuwerengedwa akalowa pakhomo. Papepala zinthu zili bwino, munthu ali chibuulire panja. Bwana mukamuyeza ndi nambala imodzi, amayamba kugwirira ntchito nambalayo.

Tsiku lachiwiri, m'gulu lathu lokambirana, mayi wina woyang'anira nthambi anatulutsa fomu yake younikira ntchito ya chaka chatha. Mabokosi onse anali ochongedwa kuti wachita bwino, ndipo anati abwana ake anasaina mafomu a ofesi yonse masana amodzi osafunsa aliyense kanthu. Tinaseka, koma kuseka kwamanyazi, chifukwa tonse mafomu oterowo timawadziwa. Mayiwa anawonjezera kuti ndalama za ntchito yomwe ankayezedwa nayo zinafika chaka chitatsala pang'ono kutha. Ndiye akanalephera, mlandu ukanakhala wa yani?

Pempho langa n'lakuti tilembere akuluakulu athu kuti pa fomu pazilembedwanso zomwe bwana analonjezedwa, monga ndalama, antchito ndi zipangizo, komanso tsiku lomwe zinafika. Tipemphenso kuti kuunikaku kuzichitika miyezi itatu iliyonse, ndipo anthu omwe timawatumikira azifunsidwa nawo maganizo. Za mabonasi sitinamvane kumeneko, ndipo ineyo ndikuona kuti tisathamangire.

Mapepala onse a kumsonkhanoku ndawasiya kwa a Mlembi. Chonde muwawerenge tisanakumanenso, kuti tidzagwirizane zolemba m'kalatayo.