Ulendo wa ku Joni umayambira kuchipatala, osati pa depoti

A Mkonzi,

Mundilole ndilankhule ndi anthu amene akumanga katundu mwezi uno wa Disembala 2021, kaya akuchokera ku Joni kudzadya Khirisimasi kumudzi, kaya akupita kumeneko kukapikula katundu wa geni. Chibwerereni Omicron, mtundu wa kachilombo ka Covid-19 umene unapezeka mu Novembala 2021, nkhani zambiri zinakamba za mayiko amene anatitsekera zitseko. A Chakwera, amene anali Pulezidenti mu 2021, sananame ponena kuti kumeneku n'kusala Afirika, koma mawu amenewo sawolotsa munthu pa Beitbridge. Chomwe chinkawolotsa mu 2021 ndi pepala limodzi la zotsatira za Covid-19, ndipo pepalalo linkatha mphamvu pakangopita maola owerengeka. Ambiri amene ankabwezedwa pazipata sankadwala ayi. Ankangolakwitsa masamu.

Masamu ake ndi awa. Mu Disembala 2021 South Africa inkafuna zotsatira za PCR, kuyeza Covid-19 kwa pamakina a mu labotale, zosapitirira maola 72, Mozambique chimodzimodzi, pomwe Zimbabwe inkafuna za maola 48. Basi yochoka ku Blantyre imadutsa mayiko onsewa: Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, mpaka Park Station ku Johannesburg. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700 ndi malire atatu, ndipo pamalire alionse pali maofesi awiri, la dziko lomwe mukutuluka ndi la dziko lomwe mukulowa. Pamalo onsewo basi yonse imatsika, kuima pamzere, kenako kudikira a kasitomu athane ndi ngolo ya katundu. Ngakhale zinthu zikuyenda bwino, ulendowu umapitirira tsiku limodzi.

Tsono tiyerekeze munthu amene wayezetsa Lolemba 8 koloko m'mawa, wakatenga zotsatira Lachiwiri masana, n'kukwera basi Lachitatu m'mawa. Iye akuona ngati wachita zinthu mwadongosolo. Koma pamene basi ikulizidwa ku Wenela, maola 48 atha kale, Nyamapanda asanaione n'komwe. Akamafika pa Beitbridge Lachinayi dzuwa litakwera, a 72 aja apitanso. Cholakwika chake n'chakuti anawerengera kuyambira pamene analandira pepala. Malamulo a mayiko amalembedwa mosiyana, ena amati kuchokera pamene anakupisani kamtengo ka thonje m'mphuno, ena amati kufikira pamene mwanyamuka m'dziko lanu, koma wogwira ntchito pawindo amayang'ana tsiku ndi nthawi zomwe zili papepalapo, ndipo kumbuyo kwanu kuli anthu mazana. Werengerani kuyambira pa thonje. Mukatero simudzakangana ndi munthu.

Choncho dongosolo liziyenda chobwerera m'mbuyo. Yambani mwatsimikiza tsiku ndi ola lomwe basi ikunyamuka, kenako funsani kumalo oyezera kuti zotsatira amatulutsa pakatha maola angati, ndipo funsaninso ngati makina amagwira ntchito Loweruka ndi Lamulungu. Makina a PCR sayezera munthu mmodzimmodzi. Amadikira kuti zoyeza zichuluke n'kuziika pamodzi, motero amene wafika masana akhoza kugwera m'gulu la mawa. Yezetsani m'mawa kwambiri wa tsiku loti mawa lake mukunyamuka, pamalo amene angakupatseni pepala madzulo omwewo. Basi ya Lolemba m'mawa ndi yovuta pa chifukwa chimenechi, pokhapokha mutapeza malo oyeza Lamulungu. Sungani tikiti ya basi pamodzi ndi pepalalo, chifukwa tikitiyo ndi chidindo cha pa Mwanza ndizo umboni wa nthawi yomwe munatuluka m'Malawi basi ikachedwa m'njira.

Musachoke pakauntala musanaliwerenge pepalalo mzere ndi mzere. Dzina lilembedwe monga momwe lilili m'pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ife timalemba Chimwemwe pena Chimwemwie, Mphatso pena Mpatso, ndipo kwathu kuno palibe amadandaula, koma pamalire chilembo chimodzi chimachititsa kuti pepala likhale la munthu wina. Onani nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa, tsiku ndi nthawi yotengera zoyeza, chidindo, ndi mawu oti PCR. Kuyeza kwachangu kuja kotuluka pa mphindi 15 n'kwabwino pofuna kudziwa m'mene mulili, koma kumene alemba kuti PCR sakulandira. Jambulitsani makope anayi, chifukwa pazipata zina amatsala nalo pepala, ndipo lina lijambuleni pafoni. Foni yokha musaidalire: batire imatha musanafike Harare, ndipo netiweki ya kwathu imathera kuseri kwa Zobue.

Za mapepala ogula kwa madobadoba ndingonena mwachidule. Mu 2021 zipata zina zinkaunika kachizindikiro ka QR ka papepalapo, ndipo amene anali nduna yoona za m'dziko ku South Africa, a Aaron Motsoaledi, analengeza kumayambiriro a 2021 kuti wopezeka ndi pepala labodza aziletsedwa kulowa m'dzikomo kwa zaka zosachepera 5. Kwa munthu amene banja lake limadya za ku Joni, mtengo umenewo ndi waukulu kuposa ndalama yoyezetsera.

Pali msampha wina umene anthu ochepa amaudziwa. Munthu amene anadwala Covid-19 n'kuchira akhoza kumapezekabe nako pa PCR kwa masabata angapo, ena mpaka miyezi itatu, chifukwa makinawo amatola ngakhale zidutswa za kachilombo kakufa kale. Ngati munadwala mu Okutobala kapena Novembala, yezetsani kaye milungu iwiri ulendo usanafike, tikiti musanagule. Ndi ndalama yowonjezera, inde, koma kuli bwino kudziwa muli kunyumba kusiyana n'kudziwa usiku woti mawa mukukwera. Ndipo masiku 10 omaliza ulendo usanachitike, chepetsani maukwati, zinkhoswe ndi mapwando otsanzikana. Ambiri amakatenga matendawa paphwando lowatsanzika lomwe.

Tsopano za kutsekedwa kwa malire, komwe ndi kumene anthu amayembekezera zinthu mopanda maziko. Tikumbutsane za chaka cha 2020 nyengo ngati ino. South Africa inatsegula malire pa 1 Okutobala 2020, anthu n'kumati basi zatha. Pofika Khirisimasi, mzere wa magalimoto pa Beitbridge unali wa makilomita ambiri, anthu akugona masiku pamsewu, mapepala awo akuthera mphamvu ali pamzere pomwepo. Pa 11 Januwale 2021 Pulezidenti wa dzikolo, a Ramaphosa, analengeza kutseka zipata 20 za pamtunda, kuphatikizapo Beitbridge ndi Lebombo, mpaka pa 15 Febuluwale. Amene anabwera kudzadya Khirisimasi poganiza kuti abwerera kuntchito sabata yachiwiri ya Januwale anakhala mwezi wathunthu kumudzi, ena ntchito n'kuwathera. Pa 12 Januwale 2021 kuno kwathu kunalengezedwa kuti dziko lili pa ngozi, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi. Zilengezo zotere zimabwera usiku pa wailesi ya kanema n'kuyamba kugwira ntchito m'maola ochepa. Palibe amene amakupatsani sabata yokonzekera.

N'chifukwa chake funso loyenera kudzifunsa si lakuti ndili ndi ndalama ya tikiti kodi, koma lakuti atatseka ndili tsidya linalo, ndingakhale masiku angati osapempha. Ine ndimati amene alibe ndalama yokhalira milungu iwiri yowonjezera, kuphatikiza yoyezetsanso kawiri, ulendowo sunakwane. Ndalamayo igaweni: marandi, madola ang'onoang'ono a m'Zimbabwe, ndi ina yosiya kwa m'bale wodalirika amene angakutumizireni. Amene mukugwira ntchito ku South Africa kambiranani ndi abwana anu musananyamuke, makamaka molemba ngakhale pa WhatsApp, kuti zidzakhala bwanji malire akatsekedwa. Ngati yankho lawo ndi lokayikitsa, tumizani katundu ndi ndalama, inu mudzabwere pa Pasaka. Mawu amenewa ndi owawa kwa mayi amene sanaone mwana wake zaka ziwiri, ndikudziwa.

Kwa opita, masiku a pachidindo ndi nkhani ina. Mmalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30 polowa South Africa, ndipo nthawi zina wapawindo amalemba ochepera, choncho onani chidindocho musanachoke pamalopo. Mu 2021, pobwerera pankafunikanso kuyezetsa. Mukapezeka ndi kachilomboko, lamulo la kumeneko linali kubindikira masiku 10. Amene anakonza zobwerera pa tsiku la 28 wapyola kale masiku ake, ndipo wopyola amadindidwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osakwana 30, zaka 5 ngati apitirira apo. Konzani zobwerera pofika tsiku la 18 kapena 19 kuti masiku 10 aja akhale m'thumba.

Mankhwala nawo awerengereni chimodzimodzi. Amene mumamwa ma ARV, a BP, a shuga kapena a khunyu, tengani a ulendo wonse n'kuwonjezerapo a mwezi umodzi, m'mabotolo ake enieni, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Kawuzeni a kuchipatala kuti mukuyenda, akhoza kukupatsani a miyezi ingapo. Mankhwalawo akhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'ngolo, chifukwa ngolo ikagwidwa ndi a kasitomu mukhoza kusiyana nayo kwa masiku. M'kachikwama momwemo muikemo mamasiki osachepera asanu ndi limodzi, popeza imodzi ikanyowa ndi thukuta la ku Tete ntchito yake yatha, komanso madzi, ndi chakudya chosavunda monga mtedza, mabisiketi ndi chimanga chokazinga. Kumapeto a 2021 Zimbabwe inabwezeretsa lamulo loletsa kuyenda usiku kuyambira 9 koloko mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo inakhwimitsa zoyeza ndi kubindikiritsa olowa. Funsani kampani ya basi kuti okwera ongodutsa akuwatani sabata imeneyo, ndipo ngati n'kotheka lankhulani ndi dalaivala kapena kondakitala amene wangofika kumene. Iwo amadziwa za dzulo, pomwe wogulitsa matikiti amadziwa za mwezi watha.

A pandege mavuto awo ndi ofanana koma okwera mtengo. Britain inachotsa Malawi pamndandanda wofiira, wa mayiko otsekeredwa chifukwa cha Covid-19, pa 11 Okutobala 2021, anthu n'kugula matikiti, kenako pa 28 Novembala inatibwezerapo pamodzi ndi Zambia, Mozambique ndi Angola. Pamenepo amene ankaloledwa kulowa kuchokera kuno anali nzika ndi okhala kumeneko movomerezeka okha, ndipo akafika ankabindikiritsidwa m'hotela masiku 10 pa mtengo wa £2,285 munthu wamkulu mmodzi, ndalama yopitirira K2 miliyoni nthawiyo, kuyezedwa tsiku lachiwiri ndi lachisanu ndi chitatu. America nayo inatitsekera kuyambira pa 29 Novembala 2021. Kudzera dziko lina sikunkathandiza, chifukwa ankafunsa kumene mwakhala masiku 10 apitawo, ku America masiku 14, ndipo zidindo za m'pasipoti sizinama. Anamwino ndi ena ogwira ntchito ku Britain amene ankalingalira zobwera kumaliro kapena kuukwati ankafunika kuwonjezera ndalama imeneyi ndi masiku amenewa pa bajeti ndi pa tchuthi chawo.

Pogula tikiti ya ndege, gulani imodzi yochokera ku Kamuzu kapena Chileka mpaka kumene mukupita, ngakhale mukusintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Matikiti awiri ogula padera amaoneka otchipa, koma ndege yoyamba ikalephereka, kampani yachiwiri ilibe nanu mangawa, ndipo mwina mungafunike kutuluka kukatenga katundu, zomwe zikutanthauza kuti mwalowa m'dzikolo ndipo malamulo ake onse akukukhudzani. Funsani mafunso atatu musanalipire: kusintha tsiku ndi ndalama zingati, ndege ikaimitsidwa amabweza ndalama kapena amangopereka pepala loti mudzakwere mtsogolo, ndipo pepalalo limatha liti. Inshuwalansi ya paulendo iwerengeni bwino. Zambiri zimalipira mukadwala, koma sizilipira boma likatseka malire.

Katemera musamusiye mpaka sabata yomaliza. Mu 2021 mayiko ankawerengera munthu kuti wabayitsa mokwanira pakatha masiku 14 chibayireni jakisoni womaliza. Wa AstraZeneca unali wobaya kawiri motalikirana milungu 8 mpaka 12, choncho amene akuyamba lero sangathe ulendo wa Januwale usanafike. Wa Johnson & Johnson unali wobaya kamodzi. Pakhadi la katemera onaninso dzina, mtundu wa katemera, tsiku ndi nambala ya botolo.

Obwera kumudzi, pepala lanu likungonena m'mene munalili tsiku loyezetsa. Pambuyo pake mwakhala maola 30 kapena kuposa m'basi yotseka mawindo ndi anthu makumi asanu. Masiku asanu oyamba gonani panokha, chezerani pabwalo pamphepo, agogo muwapatse moni muli patali, ndipo mukamva kukhosi kukanda kapena mutu, kayezetseni musanapite kutchalitchi kapena kumzikiti. Achibale adzati mwayamba matama a ku Joni. Alekeni anene.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, ndi kudzera mwa inu ku Unduna wa Zaumoyo ndi nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndi lakuti sabata iliyonse mpaka Febuluwale 2022 muzisindikiza m'Chichewa kabokosi kamodzi kosonyeza zofunika pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, maola amene dziko lililonse la m'njira likufuna, malo ovomerezeka oyezera apaulendo, mtengo wake, masiku amene amatsegula, ndi tsiku lomwe uthengawo watsimikizidwa. Mawailesi azikawerenga kabokosiko Lachisanu madzulo, ndipo makampani a mabasi azikamata pawindo logulitsira matikiti.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu,
Limbe