Mwana wanga mtima umamuthamanga tikamukalipira

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika waukulu. Nkhawa yanga ili pa mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 16 amene ali Fomu 3.

Tsiku lina mu June, kukuzizira koopsa, anafika pakhomo cha m'ma 7 koloko usiku. Akuti anatsalira kusukulu kuwerenga ndi anzake, ndiye kabaza anasowa chifukwa cha mvula. Bambo ake sanafune n'kumva komwe. Anamukalipira mpaka aneba kusuzumira pampanda, kenako anamulanda foni. Mwanayo sanayankhe, kulira osalira. Anangolowa kukhitchini n'kukhala pafupi ndi mbaula. Nditamutsatira ndinapeza manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu pamphumi ndi kuzizira konse kuja. Nditaika dzanja pachifuwa pake, mtima unali di di di ngati ng'oma ya vimbuza.

Ndinaimbira mnzanga wa kumvano amene ndi namwino. Anandiuza kuti ndiike zala ziwiri padzanja la mwanayo, m'munsi mwa chala chachikulu, ndiwerenge kwa mphindi imodzi. Ndinapeza 124. M'mawa mwake atadzuka ndinapeza 74. Mnzangayo akuti munthu wa msinkhu umenewu akakhala phee, mtima umayenera kugunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi.

Kuchipatala anamuyeza magazi, poti akuti kuchepa kwa magazi nakonso kumathamangitsa mtima. Anamumatanso pachifuwa timawaya ta ECG toyezera kagundidwe ka mtima, koma sanapeze vuto. Adokotala anati munthu akachita mantha, tiziwalo tina tili pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, ndiye mtima umafulumira kuti magazi athamangire kuminofu, munthuyo athawe kapena alimbane ndi chomuopsezacho. Thupi akuti silisiyanitsa galu wolusa ndi kholo lokalipa. Anamulangiza kuti zikayamba azikoka mpweya n'kuutulutsa pang'onopang'ono.

Nditawafotokozera bambo ake, anangoseka. "Ife tinakula ndi chikoti, mtima wathu unaima? Mukumulera udyo mwana ameneyu."

Ine ndinkaloza iwo chala mpaka sabata yatha. Ndinabwera kumsika nditatopa, belo yonse itatuluka nsanza zokhazokha, n'kupeza mwanayo wapsereza usipa. Ndinalalata, Azakhali, mawu ena sindingawalembe pano. Ndili mkati molalata ndinaona mtsempha wa pakhosi pake ukudumpha. Mkwiyo utaphwa ndinamugwira dzanja n'kuwerenga, 118. Pamenepo anandiuza chapansipansi kuti, "Amayi, umayamba ndikangomva geti likutsegulidwa, kaya ndi inu kaya ndi adadi." Usiku umenewo tulo sindinatione.

Sindikuti mwanayu ndi mngelo, ayi. Foniyo amaikondadi mopitirira, ndipo mtsikana kuyenda usiku mtauni muno palibe kholo lingakondwere nazo. Koma chaka chamawa akulemba MSCE, ndipo masiku ano akudya pang'ono, kugona movutikira, nafe sakuyankhula.

Kodi mtima ukamathamanga chonchi kawirikawiri, siungamuvulaze m'tsogolo? Mwana wa msinkhu uwu tingamudzudzule bwanji osamuopseza, koma kuti amvebe? Ndamva kuti kuchipatala cha St John of God kuli alangizi a maganizo, ndipo ndikufuna tipite tonse atatu. Vuto ndi bambo akewo: ndikangoyamba nkhaniyi amati ndikuikira mwana kumbuyo. Ndiyambire pati ndi iwowa?

Mayi wodandaula,
Chibavi, Mzuzu