Pita ukapepese kwa apongozi ako

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zimene zinachitika pa Thanksgiving, phwando lija lothokoza la ku America, ndipo chimvereni sindikuona tulo. Akuti unasiya nkhukundembo m'mbale n'kumenyetsa chitseko chifukwa apongozi ako anati America inayamba mu 1776 ndi ufulu, iwe n'kumakuwa kuti inayamba mu 1619 ndi ukapolo. Kukuwira apongozi! Ndinakulera choncho ine?

Sindikuti unanama. Mu 1619 anthu ngati makumi awiri ogwidwa ku Angola anatsitsidwadi pa Point Comfort, ku Virginia komwe ukukhalako. Thomas Jefferson, amene analemba m'chikalata cha ufulu cha 1776 chija kuti anthu onse analengedwa ofanana, anakhalapo ndi akapolo oposa 600. Koma mawu akewo ndi amenenso Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda, anawadzutsa ku Washington mu 1963, pokumbutsa dziko lija ngongole yake. Nanga utaya ziti? Iwe wagwira chaka chako, iwo agwira chawo, mkazi wako n'kumalira m'khitchini.

Amene ndikumuopa ndi mnzako uja wokutumizira timavidiyo usiku. Chilichonse amachimaliza ndi mawu awiri, ndiye iwe umangomeza osatafuna. Uchepetse naye.

Agogo ako ankati Ayao onse ndi ogulitsa anthu, ndipo ine ndinakula nazo. Usiku umene unabadwa, mvula ikukhuthuka, amene anakweza mayi ako panjinga anali Myao woyandikana nafe. Anaikankha m'matope, nsapato atazikoloweka pahandulo, mpaka pakhomo pa chipatala. Za ukapolo zija zinali zoona, koma ndinachita manyazi ndi mawu akuti "onse", ndipo manyaziwo sanandithere.

Chilembwe naye anaphunzira ku Virginia konko, ku Lynchburg. Tsankho analiona ndi maso ake, komabe ndi mpingo wa anthu akuda a ku America komweko umene unamuthandiza kuyambitsa mishoni ku Mbombwe mu 1900.

Werenga, mwana wanga, sukulu ndinakulipirira. Koma mnzako uja umuchepetse, ndabwerezanso. Kwa apongozi ako usalembe uthenga pafoni ayi. Pita ndi miyendo yako, uvule chipewa, ukhale pansi, uwafunse za makolo awo, umvetsere mpaka amalize. Zako udzanena tsiku lina, mtima uli pansi. Kamdzukulu kanga kasakule kakuopa kutchula agogo ake patebulo.

Ndalama ya feteleza inafika, tathokoza. Mayi ako akuti uvale zofunda, akumva kuti kwazizira. Undiimbire Lamlungu ukabwerako.

Ndine,
Bambo ako