Kalata kwa Amayi: ana a mbalame amene ndikulera ku Cape Town

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo, komanso kuti mwendo uja wasiya kuvuta. Ine kuno ndili bwino. Ntchito ya m'munda wa maluwa wa abwana ikuyenda, kungoti mphepo yanyanya mwezi uno.

Achemwali andiuza pa foni kuti simunakondwe mutamva zoti Loweruka ndimakagwira ntchito yopanda malipiro. Akuti munafunsa kuti, "Kodi mwanayu anapita kukasaka ndalama kapena kukaweta mbalame?" Ndinaseka, komabe funso lanu n'lomveka. Ndiye ndati ndilembe mofatsa, poti pa foni mayunitsi sachedwa kutha.

Musade nkhawa, ndalama zomwe ndimatumiza sizichepa. Loweruka ndi tsiku langa lopuma. Kale ndinkangobindikira m'chipinda, kulingalira za inu mpaka mutu kuwawa, ndipo anzanga ambiri tsikuli amalithera pa botolo.

Kumene ndimapitako ndi ku Table View, ku bungwe la SANCCOB lomwe lidayamba mu 1968. Limasamalira mbalame za m'nyanja yamchere zovulala, zodwala ndi zosiyidwa ndi makolo, ndipo zambiri ndi mapengwini a kuno ku Africa. Imeneyi ndi mbalame yosauluka, Amayi. Imayenda chowongoka modzandira, msana wakuda, mimba yoyera, mapiko ake ntchito yawo n'kupalasa m'madzi. Ikalira mungayese ndi bulu. Pachifuwa ili ndi timadontho takuda, ndipo simungapeze ziwiri zofanana madontho.

Ana a mapengwini amene timalera timawatchula kuti ana amasiye, koma ambiri makolo awo ali moyo. Kamodzi pachaka pengwini amathothoka nthenga zonse, ndipo kwa milungu pafupifupi itatu salowa m'madzi, sadya kanthu, amangodalira mafuta a m'thupi. Tinsomba tomwe amadya, sardine ndi anchovy, tasowa: tina tidasamukira kummawa, tina timakokoledwa ndi mabwato akuluakulu a asodzi. Tsono nthawi yothothokayo imapeza ena akadali ndi ana pachisa. Kholo limangoima pambali pa mwana wake, lilibe chomupatsa. Oyang'anira malo oswanirako mbalamezi monga Boulders ndi Stony Point amatola anawo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, n'kubwera nawo m'makatoni, ena atangotsala mafupa ndi ubweya. Tsiku limene anandifotokozera zimenezi ndinaganiza za mdzukulu wanu amene mukundilerera. Pamenepo ndisanene zambiri.

Musaganize kuti ndi ntchito yosisita mbalame. Gawo lalikulu ndi kukwecha: mphasa zapulasitiki, ndowa, maiwe osambiramo, ndi matawulo osatha kuchapa. Zitosi za mbalame yodya nsomba fungo lake limakutsata mpaka m'basi, anthu n'kumakutalikira pa mpando. Kumeneko zinandithandiza n'zoti manja anga adazolowera kale paipi ndi burashi.

Posachedwapa ndi pomwe andilola kudyetsa. Umavala ovolosi yapulasitiki, magambutsi, magalasi oteteza maso ndi golovesi ku dzanja logwira mutu. Umakhala pa kampando, mbalame n'kuipana pakati pa mawondo kuti mapiko asakumenye, chifukwa amamenya zowawa. Chala chimodzi chimatsegula mlomo, dzanja linalo n'kulowetsa nsomba, mutu patsogolo, mpaka itsetsereke kukhosi. Ukangocheuka pang'ono, yakuluma. Mlomo wake uli ndi kangowe kunsonga, ndipo aliyense wogwira ntchito kumeneko ali ndi zipsera m'mikono. Sindiziimba mlandu. Kunyanja zimadya nsomba yamoyo yodzigwirira zokha, ndiye yakufa sizidziwa n'komwe kuti ndi chakudya. Tiana tating'ono timamwetsedwa nsomba zogaya kudzera pa kachubu kolowa mpaka m'mimba, koma imeneyo ndi ntchito ya odziwa, poti chubu chikalowera njira ya mpweya mwana amafa. Ine ndimangogwirizira ndi kulemba kulemera kwake kuchokera pa sikelo.

Lamulo limene limandivuta ndi loti tisazizoloweze anthu. Osazinyamula popanda chifukwa, osacheza nazo. Pali kena kamene kamanditsata ndikamakwecha, kumakoka chingwe cha ovolosi yanga, ndipo ndimayenera kukhala ngati sindikukaona. Kakazolowera munthu, kunyanja sikakapirira.

Mayi wina wachikulire amene timachapa naye matawulo analipo mu June 2000, pamene sitima yotchedwa Treasure idamira pakati pa zilumba za Robben Island ndi Dassen Island n'kutaya mafuta. Mapengwini pafupifupi 19,000 adadetsedwa ndi mafutawo, ndipo anthu masauzande adadzipereka kuwatsuka mmodzimmodzi. Mapengwini ena ochuluka chimodzimodzi, omwe mafuta anali asanawakhudze, adawanyamula pa malole mpaka ku mzinda wakutali wa Port Elizabeth n'kuwasiya m'nyanja kuti abwerere okha mosambira, uku anthu akuyeretsa gombe. Adabwereradi kwawo. Mayiyo akamasimba, maso amachita kuwala. Koma amamaliza n'kuti mafuta ankaoneka ndi maso, pamene njala ikupha mwakachetechete. Lero m'dziko lonse la South Africa mwatsala mabanja oswana osakwana 10,000, ndipo mu 2024 mbalameyi idaikidwa m'gulu la zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Mu 2025 khoti lidavomereza kuti usodzi wa tinsombati uletsedwe kwa zaka 10 kuzungulira malo asanu ndi limodzi omwe zimaswanirako. Ine ndikuona kuti chimenecho ndiye chachikulu kuposa burashi yanga, chifukwa kulera mwana n'kumubweza kunyanja yopanda nsomba n'kungomuchedwetsa imfa.

Kumabweranso achinyamata ochokera ku Ulaya, odzilipirira okha ndege kuti adzakweche zitosi kwa milungu ingapo. Alipo ofuna zithunzi basi, koma amenewo sakhalitsa. Otsalawo amagwira ntchito mpaka zala kuchita makwinya, ndipo podya masana timakhala benchi limodzi, palibe bwana palibe wantchito.

Ana amene ndinawapeza ali ndi ubweya tsopano amera nthenga zotuwa mobiriwira. Asanamasulidwe amawapima magazi, amawakweza pa sikelo, amawasambitsa m'dziwe nthawi yaitali n'kufufuza ngati madzi sanalowe mpaka pakhungu, kenako amawaika kachipangizo pansi pa khungu kowazindikirira. Gulu lathu likuyembekezeka kupita kugombe posachedwa, koma mwina lidzakhala tsiku la pakati pa sabata. Ndikapempha abwana, akandilola ndikanyamula nawo makatoni.

Ndatumiza zithunzi pa foni ya achemwali. Mumuonetse mdzukulu wanuyo, ndipo mumuuze kuti wovala magalasi akuluakuluyo ndi bambo ake, asathawe. Mundiperekere moni kwa amalume, kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mwana wanu.