Tisafulumire kunena kuti Calvino anatengera Perec

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene okonda mabuku amakanganirana kawirikawiri, yakuti pakati pa Italo Calvino wa ku Italy ndi Georges Perec wa ku France, ndani anatengera mnzake kalembedwe kachilendo kosatsata njira zakale zofotokozera nthano. Ine ndikuona kuti funsoli limaphonya pamene pagona nkhani.

N'zoona kuti awiriwa ankadziwana bwino. Calvino anasamukira ku Paris mu 1967, chaka chomwe Perec analowa m'gulu la alembi la Oulipo, lomwe Raymond Queneau ndi François Le Lionnais anayambitsa mu 1960, ndipo Calvino naye analowa m'gululi mu 1973. Chikhulupiriro cha gululi chinali chakuti mlembi akadziikira lamulo lolimba, monga la masamu, nzeru zake zimatseguka m'malo mofota. Choncho kufanana kwa mabuku awo sikodabwitsa, pakuti onse anamwa pachitsime cha Queneau.

Buku la Perec la mu 1978, La Vie mode d'emploi, limatiyendetsa m'nyumba imodzi yosanja ya ku Paris chipinda ndi chipinda, potsata kadumphidwe ka kavalo wa masewera a chesi pa bolodi la mabokosi 100, ngakhale kuti mitu yake ndi 99 chifukwa bokosi limodzi analisiya dala. Chaka chotsatira, Calvino anatulutsa Se una notte d'inverno un viaggiatore, momwe wowerenga amayamba nthano 10 koma osamaliza ngakhale imodzi. Amene amangoyang'ana zaka amati Calvino ndiye anatsatira, kuiwala kuti mu 1972 iye anali atasanja kale mizinda 55 ya m'maganizo mu Le città invisibili, ndiponso kuti Perec mwiniwake, kumapeto kwa buku lake lija, anatchula Calvino pakati pa alembi omwe anabwerekako mawu awo. Calvino nayenso anayamikira kwambiri bukulo m'nkhani zomwe anakonza kuti akakambe ku yunivesite ya Harvard ku America asanamwalire mu 1985. Mmene ndikuonera ine, awa anali anthu obwerekana poyera, mopanda manyazi.

Chimene chimandikhudza mtima ndi kusiyana kwawo. Mu 1969 Perec analemba La Disparition, buku lonse lathunthu lopanda chilembo cha e, chomwe ndi chofala kuposa zonse m'Chifalansa. Munthu angaganize kuti ankangosewera, koma bambo ake anafa pankhondo mu 1940, ndipo mayi ake, omwe anali Myuda, anatengedwa mu 1943 kupita ku Auschwitz, msasa womwe chipani cha Nazi cha ku Germany chinkapherako Ayuda, osabwereranso. Popanda chilembo chimenechi, mawu a Chifalansa otanthauza bambo ndi mayi salembeka, ngakhalenso dzina lake lomwe. Nditazindikira zimenezi ndinatseka bukulo, n'kukhala chete kwa nthawi ndithu. Kwa Perec lamulo linali njira yozungulira bala lomwe sakanatha kulikhudza mwachindunji, pomwe Calvino, amene anayamba ndi kulemba za nkhondo ya zigawenga zolimbana ndi ulamuliro wankhanza wa chifasisti ku Italy, ankafuna lamulo lomupeputsira katundu wa dziko kuti aone bwino chimene chimachitika pakati pa buku ndi woliwerenga.

N'chifukwa chake ndikupempha olemba za mabuku m'nyuzipepala yanu kuti akamayerekeza awiriwa, azifunsanso chimene chinamukankhira aliyense ku lamulo lomwe anasankha.

Ndine wanu,
Wowerenga wokhulupirika