Jenerali akapambana skill n'kutsika, gemu sinawonongeke ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yatikanganitsa ine ndi mphwanga sabata yonseyi, poti ndikudziwa kuti alipo enanso omwe amasewera Hearts of Iron II, gemu ija ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yomwe a Paradox a ku Sweden anatulutsa mu 2005. Mphwangayo anapambana nkhondo zingapo motsatizana, jenerali wake skill (nambala yosonyeza luso lake) ili pa 4, kenako akuona yabwerera pa 3. Anamenya tebulo mpaka kapu ya tiyi kugwa, amvekere achimwene gemuyi ndi yowonongeka, munthu wapambana akumulangiranji?

Titakhala pa laputopu yake ndinamufunsa kuti utapambana unatani, akuti ndinamukweza udindo pomuthokoza. Nkhani yake ndi yomweyo basi. Mu gemuyi ukamukweza wekha jenerali amataya skill imodzi, ndiye chomwe chatsitsa nambala si kupambanako ayi koma batani lomwe wadina ndi chisangalalo.

Ine ndikuti amene anakonza zimenezi anaganiza mozama ndithu. Major General amayendetsa division (gulu lalikulu la asilikali) 1, Lt. General 3, General 9, Field Marshal 12, ukamusenzetsa zopitirira pamenepo asilikali owonjezerawo amamenya mofooka kwambiri, ndiye umafunadi kumukweza, koma taganizani munthu amene anazolowera kuima yekha pamtsinje kuona mathanki ake akuwoloka, lero mwamupatsa ma division 9, ntchito yake yasanduka mapu, mafuta, chakudya ndi malamulo opita kwa anthu omwe sakuwaona ndi maso. Ameneyo wayamba kuphunzira ntchito ina. N'chifukwa chakenso akakhala pa udindo waukulu experience, ma points a kunkhondo omwe amakweza skill, imabwera pang'onopang'ono.

Izi zinachitikapo zenizeni. Erwin Rommel, jenerali wa ku Germany, mu 1940 ankatsogolera gulu la mathanki la 7th Panzer Division ku France, ali kutsogolo komweko ndi anyamata ake. Mu 1941 anamutumiza ku Africa, mu June 1942 atalanda doko la Tobruk ku Libya anamupatsa u Field Marshal, chaka chisanathe wagonja pa El Alamein ku Egypt. Sindikunena kuti udindo ndi umene unamugwetsa, a Britain anali ndi asilikali komanso mathanki ochuluka kuposa iye, koma chomwe chinamusowetsa tulo kumeneko chinali mafuta ndi katundu wochokera kumadoko akutali, zinthu zomwe kulimba mtima kwa pamtsinje sikungathetse.

Ndiye mphwanga ndinamuuza kuti akatswiri a mathanki aziwasiya pa udindo wotsika azikulirakulira, ndipo ofunika kukweza aziwakweza nkhondo isanayambe kuti apeze nthawi yobweza skill ija. Sanavomere kwenikweni, akuti zimamupwetekabe kuona nambala ikutsika, koma dzulo ndamupeza wayambiranso gemuyi kuchokera chaka cha 1936, akusankha majenerali ake mmodzimmodzi.

Wowerenga wanu,
Zomba